Funsani Amisiri: Makiyibodi Akale ndi Dzuwa la ku Mangochi

Makalata ochuluka a mwezi uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo nkhani yake ndi imodzi: makiyibodi akale amene angokhala m'matchalitchi, kuseri kwa makabati ndi m'zipinda za mabandi omwe anabalalika kalekale. Ayankha ndi amisiri okonza zida zoimbira za magetsi. Mafunso ena tawafupikitsa. Lamulo limodzi likhudza mayankho onse: musanamasule sikuluu ngakhale imodzi, zulani pulagi kukhoma, osangozimitsa pa switchi.

Zikomo amisiri. Kutchalitchi kwathu kuli Yamaha DX7 imene anatisiyira ansembe ena kale. Inkalira bwino, koma titaiyatsa pa Khirisimasi, pagalasi pakungotuluka zilembo zosamveka, mawu ena ndi phokoso lokhalokha, ena zii. Achinyamata akuti yapsa, tigule ina. Kodi yafadi?
*Mkulu wa kwaya, Malindi*

Bambo, siinafe, ndipo achinyamatawo muwagwire dzanja asanaitaye. Chatha ndi batire basi.

DX7, yomwe inatuluka mu 1983, sisunga mawu ngati mmene kaseti imasungira nyimbo. Imasunga manambala ouza makina mmene apangire liwu lililonse, ndipo m'kati mwake mumakwana mawu 32. Manambalawo amafuna kamoto pang'ono usana ndi usiku, ngakhale kiyibodi ili chizimire, ndipo kamotoko kamachokera ku kabatire kophwatalala ka CR2032, ka 3V, konga kamene kamakhala m'kompyuta. Kakatha, manambala amasokonekera, ndiye zilembo zachilendo mukuzionazo. Kuti mutsimikize, dinani FUNCTION kenako batani la 14. Pagalasi paoneka mphamvu ya batire. Latsopano limaonetsa 3.0 kapena kupitirirako pang'ono. Likatsikira cha ku 2.5 musadikirenso.

Chovuta n'chakuti pa DX7 batireli analiwotcherera pa bolodi, si lozula ndi chala. Pezani wokonza ma TV kapena mafoni amene dzanja lake silinjenjemera. Achotse lakalelo, awotcherere kachikho koikamo batire (kamapezeka pa bolodi la kompyuta yakufa), kenako alowetsemo latsopano, mbali ya + ilunjike pomwe panali + poyamba. Asayerekeze kuwotcherera waya pa batire penipenipo. Kutentha kumaliwononga, ndipo likhoza kumuphulikira kumaso.

Mukatero kiyibodi idzuka, koma m'mutu mulibe kanthu. Ngati katiriji ya ROM imene inabwera nayo ikadalipo (fufuzani m'kabati ya m'vesitile), ilowetseni, zimitsani MEMORY PROTECT ya INTERNAL, n'kukopera mawu 32 kuchoka m'katirijimo kudzera pa FUNCTION. Ngati inasowa, mafayilo a mawu oyambirira a DX7 ali pa intaneti mwaulere. Amathera ndi .syx ndipo iliyonse ndi mabayiti 4,104 okha. Mufunika kompyuta, pulogalamu ya MIDI-OX ndi chingwe cha USB cha MIDI (MIDI ndi njira imene makiyibodi amalankhulirana ndi kompyuta kapena zida zinzawo). OUT ya chingwe ipite ku IN ya kiyibodi. Pa FUNCTION 8 ikani tchanelo 1 ndipo musankhe SYS INFO AVAIL, apo ayi kiyibodi ingokhala duu ngati simunatumize kanthu. Zingwe zotchipa zopanda dzina zimaimba manotsi bwinobwino koma zimadula mafayilo a .syx panjira, choncho ikakana yambani mwakayikira chingwe. Roland UM-ONE kapena Yamaha UX16 sizivutitsa.

Chimene ambiri amaiwala ndi ichi: batire likatha limasokonezanso MASTER TUNE, PORTAMENTO, POLY/MONO ndi PITCH BEND. Mukapanda kuzibwezera m'malo mwake, kwaya idzayamba nyimbo kiyibodi ili pakati pa makiyi awiri, mpingo n'kumati woimba ndiye wosadziwa.

Inu ena amene makiyibodi anu akadali ndi mawu, akopereni ku kompyuta sabata yomwe ino. Korg M1 ya 1988 ikatha batire imataya ma program (mawu amodziamodzi) 100 ndi ma combination (mawu osakanizidwa) 100 nthawi imodzi, kuphatikizapo aja woimba wanu anakonza yekha, amene pa intaneti simudzawapeza. Zakale kwambiri, monga Roland Juno-60 ndi Korg Poly-61, zimatulutsa manambala ake ngati kulira kwa tswiii pa bowo lolembedwa TAPE. Jambulani kulirako ngati fayilo ya WAV, mtundu wa fayilo ya mawu yosafinyidwa. Mukakutumiza ngati voisi noti pa WhatsApp kumafinyidwa, ndipo kiyibodi siikuzindikiranso. Amene muli ndi Korg Polysix kapena Poly-61, batire lanu ndi la mtundu wina, lotchajidwa, lomwe likakalamba limadontha n'kudya timisewu ta mkuwa pa bolodi. Mukangokopera mawu, limenelo lichotsedwe, ngakhale kiyibodi ikulira bwino.

Ndimaimba m'bandi. Kiyibodi yathu ya m'ma 1990 yayamba kutuluka zinthu zofiira zomata ngati jamu kunsi kwa makiyi. Makiyi ena amatirirana, ndipo tikainyamula mukumveka tizitsulo tikugubuduka. Mnzanga akuti wina anatayiramo juwisi, moti tatsala pang'ono kudana.
*Woimba kiyibodi, Monkey Bay*

Achimwene, gwirizanani, palibe anatayiramo kanthu. Simunatchule mtundu, koma matendawa ndi odziwika pa makiyibodi angapo a Roland a zaka zimenezo: U-20, D-70, JD-800, JV-80, XP-50 ndi XP-80. Kunsi kwa kiyi iliyonse kuli kachitsulo kolemeretsa, komatidwa ndi guluu wofiira. Guluuyu akakalamba, kutentha ndi chinyezi zimamusungunula. Ndiye taganizani za kiyibodi yotsekeredwa m'chipinda cha malata m'mbali mwa nyanja mu Okutobala, kapena yosiyidwa m'minibasi padzuwa podikira shoo ya usiku.

Kuyambira lero ikhale chogona monga imakhalira poimba. Mukaiimika chotsamira khoma, guluuyo ayenderera kupita ku bolodi la makontakiti, ndipo akafika kumeneko ntchito yakula kawiri. Musaiyatsenso tizitsulo tili mbwee m'katimo. Kamodzi kokha kakagwera pa bolodi kachititsa shoti.

Kukonza kwake n'kotheka pakhomo, koma kumafuna masiku atatu ndi mtima wodekha. Jambulani ndi foni chilichonse musanachichotse. Tulutsani chitsulo chonse chonyamula makiyi, chotsani masipuling'i, a makiyi oyera pakapu yawo, a akuda pakapu yawo, kenako zulani makiyi, oyera poyamba. Pa kiyibodi ya makiyi 61 mukhala ndi oyera 36 ndi akuda 25. Chotsani onse, ngakhale amene akuoneka abwino. Guluu wake ndi yemweyo, angochedwa chabe.

Chosungunula guluuyu ndi kositiki soda, yemwe uja amapangira sopo. M'beseni la pulasitiki thirani malita 5 a madzi ozizira, kenako muzithira soda pang'onopang'ono mpaka magalamu 250, mukutakasa ndi kamtengo. Soda ndiye amapita m'madzi, osati madzi pa soda, chifukwa amawira n'kuthovokera kumaso. Poto wa aluminiyamu musagwiritse, soda amamudya. Valani magolovesi a labala ndi magalasi, chitirani panja, ana ndi nkhuku akhale kutali. Akakudontherani pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Akalowa m'diso, tsukani chimodzimodzi n'kuthamangira kuchipatala.

Viikani makiyi usiku wonse. Kukamacha madzi akhala atafiira ndipo tizitsulo tambiri tikhala titagwa tokha. Zotsalira kwechani ndi mswachi wakale, tsukuluzani kangapo, tizitsulo mutipukute nthawi yomweyo tisanachite dzimbiri. Makiyi aume pamthunzi. Padenga kapena pathandala la usipa apindika, ndipo kiyi yopindika siiwongoka. Matani tizitsulo ndi guluu wa epoxy, uja wosakaniza machubu awiri, kadontho kofanana ndi njere ya nandolo, mudikire maola 24. Ta makiyi oyera ndi ta akuda n'tosiyana kukula, musasinthanitse.

Guluu amene wagwera pa chitsulo mupaleni ndi kapulasitiki kolimba, mumalize ndi isopropyl alcohol. Kapepala ka pulasitiki kokhala ndi timisewu ta magetsi kasakhudzane ndi soda, ndipo musakakoke. Kakang'ambika kupeza kena n'kovuta. Petulo, thina ndi acetone zimasungunula makiyi enieniwo. Pobwezera, pakani girizi wa silicone pang'ono pomwe kiyi imatsetsereka, osati girizi wa galimoto. Madzi a sodawo asapite kunyanja. Asungunuleni ndi madzi ena ambiri, muthire m'dzenje.

Adaputa ya Casio yanga inasowa paukwati. Ndinabwereka ya Yamaha ya mnzanga poti mutu wake ukulowa bwinobwino. Kunamveka kafungo ka kupsa, basi osayakanso.
*Mayi woimbira kwaya ya amayi, Namwera*

Mayi, pepani. Kulowa kwa mutu sikunena kanthu. Ma Casio ambiri akale amayendera adaputa ya AD-5, ya 9V, yokhala ndi − pakati pa mutu. Ma Yamaha PSR ang'onoang'ono amayendera 12V yokhala ndi + pakati. Ndiye kuti munaipatsa moto wochuluka, wobweranso chodzera kumbuyo.

Musataye mtima msanga. Nthawi zambiri chimapsa ndi dayodi, kafyuzi kapena regyuleta pafupi ndi polowera adaputa, tizinthu totchipa. Yesani kuika mabatire. Ikayaka, bala lili pakhomo pomwepo. Pogula ina, onani kachizindikiro pambali pa bowolo, kamene kamaonetsa ngati pakati ndi + kapena −. Mavolti afanane ndendende. Ma amp akhoza kuposa, asachepe. Musadalire dzina lokha, chifukwa ma Casio atsopano ambiri ndi a 9.5V okhala ndi + pakati. Mukagula adaputa ija yosinthasintha, wokonza ayeze ndi mita kaye, kenako matani kabatani kake ndi tepi kuti mwana asakasunthe.

Achimwene anga anditumizira Korg m'kontena yochokera ku Japan. Kumbuyo kwalembedwa 100V. Kuno timadalira kwambiri jenereta ndi sola. Ndichite bwanji kuti ndisaiphe tsiku loyamba?
*Mnyamata wa zoimbira m'maukwati, Makanjira*

Mwachita bwino kufunsa musanalumikize. Magetsi a m'Malawi ndi 230V pa 50Hz, a ku Japan ndi 100V, a ku America 120V. Kudula pulagi n'kuika yathu ya mano atatu sikusintha magetsiwo. Thiransifoma ya m'kati ipsa, mwinanso kutengera bolodi. Katundu wochokera ku Joni alibe vutoli chifukwa kumenekonso ndi 230V, chosintha ndi pulagi ya mano obulungira yokha. Ndipo ngati kumbuyo kwalembedwa 100–240V, imeneyo imalandira magetsi aliwonse.

Yanuyo ikufuna thiransifoma yotsitsa 230V kufika 100V. Werengani mawati pakachikwangwani kakumbuyo, mugule yoposa kawiri: ngati palembedwa 30W kapena 40W, tengani ya 100W. Za 110V ndizo zimapezeka msanga ndipo kiyibodi iyaka, koma maregyuleta a m'kati amatentha kupyola muyeso, pomwe kwanuko kutentha kulipo kale kokwanira. Moyo wa makapasita umafupika ndi theka pa madigiri 10 aliwonse owonjezera. Thiransifoma yeniyeni imalemera m'manja. Tija topepuka ta apaulendo, tolembedwa mawati chikwi n'kanthu, ndi ta ayironi ndi zoumitsira tsitsi, ndipo kiyibodi timaipha pompo. Mukapeza yoyenera, imangirireni ku chingwe cha kiyibodi ndi tepi, mulembe 100V ndi penti yofiira. Tsiku lina mudzakhala mulibe, wina wachangu adzafuna kukuthandizani.

Za 50Hz musade nazo nkhawa, ku Japan kuli 50 ndi 60 yomwe. Zimavuta pa ogani zakale za Hammond, zimene mawu ake amatsata liwiro la mota: ya 60Hz ikalumikizidwa kwathu kuno imalira motsika ndi masemitoni pafupifupi 3 (semitoni ndi kuchoka pa kiyi imodzi kufika pa yoyandikana nayo).

Jenereta ilizeni kaye, idekhe mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako lumikizani. Ikayamba kutsokomola mafuta akamatha, zimitsani zonse isanazime yokha, chifukwa moto wokwera n'kutsikawo ndiwo umapha. Isagawane waya ndi makina owotcherera kapena furiji. Poyatsa yambani kiyibodi, kenako mikisa, amplifaya pomaliza. Pozimitsa yambani amplifaya. Pa sola, inveta ikhale yolembedwa pure sine wave. Zinazo zimalowetsa kulira kwa zzz m'masipika ndipo zimatenthetsa thiransifoma. Pa magetsi a kukhoma ikani fridge guard, yomwe imadikira kaye magetsi akangobwera. Nyengo ya mvula, mphezi ikayamba, zulani zonse.

Yamaha PSR yanga ili ndi makiyi atatu amene amalira mokuwa ngakhale ndiwakhudze pang'ono, ndipo ena awiri salira n'komwe. Ndinapoperamo mankhwala a mphemvu koma sizinasinthe.
*Mphunzitsi wa Sande Sukulu, Chimwala*

Mankhwala a mphemvu musapoperemonso, amasiya mafuta amene amagwira fumbi. WD-40, parafini ndi mafuta ophikira chimodzimodzi.

Pansi pa makiyi pali malamba a labala okhala ndi timitu, ndipo kiyi iliyonse ili ndi timadontho tiwiri takuda ta kaboni. Mukadina, kamodzi kamagunda bolodi poyamba, kachiwiri pambuyo pake. Makina amayeza nthawi ya pakatipo: ikafupika ndiye kuti mwamenya mwamphamvu, ikatalika mwasisita. Kadontho koyamba kakada ndi fumbi, makina amaona ngati mwamenya ndi nkhonya, n'chifukwa chake kukuwako. Kachiwiri kakada, liwu silituluka.

Tembenuzani kiyibodi pamphasa yoyala bulangete. Masikuluu muziika m'thireyi ya mazira malinga ndi pomwe achoka, chifukwa ndi osiyana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pa bowo la yaifupi imaboola bolodi. Potsegula samalani mawaya a masipika, ndi afupi. Masulani bolodi la pansi pa makiyi, nyamulani lamba wa pamalo ovutawo, koma muone kaye mbali imene yaloza kutsogolo; mukamubwezera chotembenuza, makiyi 12 onse achita misala. Pukutani timadontho ndi malo ake pa bolodi ndi kathonje konyowetsa ndi isopropyl alcohol ya 90% kapena kuposa. Sipiriti yapepo ija imasiya utoto. Musapale ndi lezala kapena sandipepa, kaboniyo ndi wopyapyala. Ziume mphindi 10. Timiyendo ta labala tibwezereni m'mabowo ake pokankha ndi kamtengo ka machesi. Ngati kadontho kanaperepeseka, kupakapo pensulo yofewa ya 6B kumathandiza kwa miyezi ingapo, koma mankhwala enieni ndi lamba wina, ngakhale wochoka pa PSR yakufa ya mtundu womwewo.

Onaninso kayalidwe ka makiyi akufawo. Ngati akufa motsatira ndondomeko, monga kiyi yachisanu n'chimodzi iliyonse, kapena gulu lonse loyandikana, vuto si fumbi. Ndi waya wophwatalala wolumikiza makiyi ku bolodi lalikulu umene wamasuka kapena wadyedwa ndi khoswe, kapena kamsewu kamene kadyeka ndi mkodzo wake. Apo pafunika mita ndi wowotcherera. A DX7 ndi M1 dziwani kuti zanu zilibe labala, zili ndi timasamba ta chitsulo; tipukuteni ndi kapepala konyowetsa alcohol, osatipinda.

Nyimbo ndi masitayilo onse a kwaya yathu ali pa madiski a floppy. Tsopano kiyibodi ikumakana kuwerenga ena.
*Mlembi wa kwaya, Koche*

Siyani kaye kuwalowetsa. Kankhani kachitseko kachitsulo ka diski iliyonse, muyang'ane pakuwala mukuzunguliza. Mukaona timadontho totuwa, ndi chuku, ndipo diski yotero imadetsa mutu wowerengera n'kukanda madiski abwino otsatira. Ipatuleni. Mutuwo upukutidwe ndi alcohol. Ngati makina sakumveka kuzungulira n'komwe, mwina ndi lamba wa mota amene wasanduka phula, zomwe zimachitika kwambiri pa Yamaha SY77 ndi anzake.

Sony inasiya kupanga madiskiwa mu 2011, ndiye ofunika ndi mafayilo, osati pulasitikiyo. Tsegulani kabowo kapakona kotetezera kuti pasalembedwe kanthu, kenako koperani zonse ku kompyuta ndi chowerengera floppy cha USB. Madiski a Yamaha PSR, a 720KB kapena 1.44MB, kompyuta imawawerenga, ndipo muona mafayilo a .STY ndi .MID. A Ensoniq ali ndi kalembedwe kawokawo. Kompyuta ikakufunsani zochita format, kanani, ifufuta zonse. Sungani makope atatu: pakompyuta, paflashi ndi pa imelo ya kwaya.

Mukamaliza, m'malo mwa floppy mukhoza kuikamo kachipangizo kotchedwa Gotek, kamene kamanamiza kiyibodi kuti flashi ndi mulu wa madiski. Musanaitanitse werengani mapini a waya wa m'kati, chifukwa ena ndi 34, ena 26 kapena 24, ndipo amafuna cholumikizira. Madiski akalewo musawasunge pamwamba pa sipika, muli maginito.

Malemu bambo anga anasiya Roland Juno-106. Imalira, koma notsi ina ndi ina imadumphidwa. Munthu wina wa ku Lilongwe akuti ndi yakufa, andipatse ya sopo aitenge.
*Mwana wamasiye, Mpondasi*

Musafulumire. Juno-106 ya 1984 ndi imodzi mwa zida zimene oimba kunja akuzisakasaka. Ili ndi mawu 6 olira nthawi imodzi, lililonse ndi chipu chake cha 80017A. Chimodzi chikadwala, notsi yachisanu n'chimodzi iliyonse imasowa kapena kuthetheka. Amisiri amachiviika mu acetone masiku angapo kuti chikutiro chake chakuda chisendeke, kapena amaikapo china chopangidwa masiku ano. Wogulayo akudziwa zimenezi. Onani pa misika ya pa intaneti ya Reverb kapena eBay mitengo ya zimene zinagulidwa kale, osati imene anthu akungotchula, ndipo nkhani ya chuma cha masiye ikambidwe ndi abale kaye. M'kuona kwathu, ikonzeni muisunge.

Ndimaphunzitsa kusekondale ndipo ndikufuna kukonza tsiku loonetsa makiyibodi akale kuti ana adziwe komwe nyimbo zathu zadzera. Ndiyambire pati, ndipo ndiwauze chiyani?
*Mphunzitsi, Mangochi Boma*

Aphunzitsi, ganizo ili ndi labwino, ndipo zida zake zili pafupi kuposa mmene mukuganizira. Yambani ndi maparishi, mabandi akale a m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, ndi mabanja a anthu amene anakhalako ku Joni.

Mbiri ya kunja ifupikitseni, ana asagone. Robert Moog anaonetsa synthesizer yake mu 1964, chimakina cha mawaya ngati cha telefoni, ndipo mu 1970 kunabwera Minimoog yonyamulika, yolira notsi imodzi pa nthawi. Prophet-5 ya 1978 inkalira manotsi 5 n'kumakumbukira mawu ake. Chaka chachikulu ndi 1983. Mu Januwale, ku chionetsero cha NAMM ku America, Prophet-600 ya Dave Smith inalumikizidwa ndi Roland Jupiter-6 kudzera pa MIDI, bowo lija la mapini 5 lomwe lili kumbuyo kwa makiyibodi ambiri mpaka lero. Chaka chomwecho kunatuluka DX7, yochokera pa nzeru za John Chowning wa ku Stanford University. Liwu lake la nambala 11, E.PIANO 1, ana akalimva adzati analimvapo pa wailesi. Kenako Roland D-50 mu 1987, Korg M1 mu 1988, Korg Triton mu 1999.

Koma nkhani imene idzawagwire mtima ndi ya kachidole. Casio MT-40 ya 1981 inali kakiyibodi ka makiyi ang'onoang'ono ka pakhomo. Mu 1985 ku Jamaica, Wayne Smith ndi King Jammy anatenga kang'oma kake kolembedwa rock n'kupangira nyimbo ya Under Mi Sleng Teng, ndipo kuchokera apo reggae inalowa m'makina. Mukatero bwererani kwathu. Alleluya Band inayamba ku Balaka mu 1978, mu dayosizi yomweyi ya Mangochi, ndipo Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda anatulukira kumeneko. Reggae ya ku Balaka imene inadzaza makaseti m'ma 1990 inatsamira kwambiri pa kiyibodi. Lizani kaseti imodzi, ana asake okha mawu ofanana nawo pa zida zili patebulopo.

Gawo limene palibe angakulembereni pa intaneti ndi la kuno. Chida chilichonse chikhale ndi khadi: mtundu, nambala ya siriyo, anabwera nacho ndani, chaka chiti, kudzera njira iti, chinaimbira kwaya kapena bandi iti, maukwati ndi makaseti ati. Ana a Fomu 3 akafunse achikulire amene anaziimba, ajambule mawu awo ndi foni atapempha chilolezo. Jambulaninso kulira kwa chida chilichonse kudzera pa bowo la OUTPUT, osati pa sipika, ngati WAV ya 44.1kHz. Kope lina mukafunse a ku Lake Malawi Museum, pafupi nanu pomwepo, ngati angalisunge.

Tsikulo likhale mu Juni kapena Julayi, kukuzizira, ndipo m'holo, osati pabwalo. Chida chimene chakhala zaka osayatsidwa chitsegulidwe kaye: muone zisa za makoswe, mazira a nalimata, mabatire odontha ndi makapasita otupa pamutu. Muziyatsa chimodzichimodzi, dzanja lili pa switchi, mphuno ili tcheru. Pobweza kwa eni ake, auzeni azichisunga chogona pashelefu, kutali ndi simenti ya pansi ndi malata a pamwamba, chofunda chitenje osati pulasitiki yomwe imatsekera chinyezi, mabatire a tochi atachotsedwa, ndipo azichiliza ola limodzi mwezi uliwonse.

Ana adzafuna kuzitsuka kuti ziwale. Kansalu konyowa pang'ono ndi sopo kakwanira. Zomata za dzina la bandi, manotsi amene wina analemba ndi bolopeni pa makiyi, ndi pamene penti inaperepeseka ndi chala cha woimba, zimenezo zisiyeni, muzijambule n'kuzilemba pa khadi lija.